Kumulepa Thabwa

Tadala, usanapitirize kudandaula za ku ofesi kwanuko, tapisa dzanja kunsi kwa mpando wakhalirawo. Ayi, osati pamwamba, kunsi, kumene kumakhala akangaude. Kosalala, eti? Chisomo, nawenso tapisa kunsi kwa wakowo. Pepa, pepa mwana wanga, usayamwe chala, ndi kaminga chabe ka thabwa, katuluka kokha. Mpando wa Tadalawo anakhoma ndi mkulu wina dzina lake a Mulepa. Wakubaya iwewo ndinakhoma ndine, agogo anu, amene ndinali kapitawo wawo zaka zambirimbiri. Musaseke, ana inu, nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero.

Manja asaime, chimangacho sichidzitonola chokha. Ndakumva Tadala ukunena kuti ku ofesi achotsa alawansi, ndiye iwe wasiya kudzivuta, ukungogwira zoti abwana asakukalipire basi. Sindikukutsutsa ayi. Ine ndinagwira ntchito chomwecho moyo wanga wonse, ndipo ndinapindula nazo, njinga ija ili kuseri yopanda matayala ndiyo mboni yanga. Koma ndikufuna mudziwe za munthu amene ndinamuchitira nsanje kuposa wina aliyense m'chigwa chino cha Domasi, chonsecho sanalandirepo mphatso ku ntchito, ngakhale sopo.

Masiku amenewo kumunsi uku kunali wekishopu yokhoma madesiki ndi mabenchi a masukulu. Inagwa kalekale, pamalopo anthu akulima chinangwa. Tinalimo amisiri asanu ndi mmodzi. Zimene mumaona ku Naisi, makina akulira ngati ndege, thabwa kulowa uku kutulukira uku litasalala, ife sitinazilote n'komwe. Matabwa ankachekera kuphiri, pa dzenje, wina pamwamba wina pansi utuchi ukumugwera m'maso, ndipo ankatsika nawo pamutu, amayi ndi abambo omwe, thukuta lili kamukamu. Akafika kwa ife, ntchito inali ya landa, chija chopalira matabwa chili m'bokosi mwanga, chimene iwe Mphatso unkafuna kuswera mtedza chaka chatha. Ukadzachigwiranso ndidzakupala nacho mutu.

A Mulepa ndi ine tinayamba ntchito mwezi umodzi. Anali munthu wamfupi, phewa limodzi lopendekera, wa ku Malemia komwe kuno. Makolo awo anachokera ku Mozambique wapansi, ndiye hamala ikawaphonya n'kugwera pa chala, chimene chinkatuluka m'kamwa chinali Chilomwe chokhachokha. Masana ife tikamatafuna chinangwa chootcha, iwo ankatsegula kachitini ka kalongonda. Inu kalongonda simumudziwa, mwazolowera tchipisi cha pamsewu. Ameneyo amaphikidwa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthiranso ena, kutayanso, chifukwa ukamufulumirira amakuzunguza mutu. Mwini kachitiniyo analinso chimodzimodzi, zofulumira sankazidziwa.

Ine ndinali wa changu, ndisakunamizeni. Iwo akamamaliza desiki lachiwiri ine ndili pa lachitatu. Chinsinsi chake chinali chapafupi, ndipo aliyense mu wekishopumo ankachidziwa: umapala pamwamba ndi m'mbali, pamene maso amafika, kunsi n'kusiya momwe sowo inasiyira. Abwana ankabwera Lachisanu lililonse, kusisita pamwamba ndi chikhatho, kugwedeza mutu, n'kumapita. Kuyambira pamene ndinayamba ntchito mpaka kupuma, sindinaonepo bwana akugwada kusuzumira kunsi kwa desiki. Koma a Mulepa, thabwa lililonse ankalitembenuza. Ankapala kunsi, ankapala m'kati moika mabuku, ngakhale kathabwa kopondapo mapazi, uku akuimba likhweru, kanyimbo kamodzi komweko kopanda mutu kapena mchira. Kanyimbo kameneko kankandinyansa ngati udzudzu wa m'khutu.

Tsiku lina mnzathu wina anachedwa akusalaza kamwendo ka benchi, ndiye ine ndinamukuwira kuti asiye kumulepa thabwalo, dzuwa lapita. Wekishopu yonse inafa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo, aliyense wotaya nthawi pa kanthu kosaoneka tinkati akumulepa. Mumvetse bwino, ana inu: mawu amenewo ndinapeka ndine, ndipo ndinapekera kunyoza. Mwini dzinayo anangoseka nafe, n'kutembenuza thabwa lina.

Chaka china abwana analengeza kuti amene akhome madesiki ambiri pofika Khirisimasi alandira njinga. Kuti pasakhale mkangano powerenga, aliyense ankaika chizindikiro pa mwendo wa desiki lake. Ine ndinkasema G, chilembo cha dzina langa, chachikulu bwino chooneka patali. A Mulepa ankaiwala kuika chawo, mpaka anangosiya. Njinga inapita kwa ine, nanga ikanapita kwa ndani? Yakuda, ya belu, ya kaliyala. Ndinazungulira nayo wekishopu katatu ndikuliza belu, diso lili kwa munthu mmodzi. Ndinkafuna ndione nkhope yawo itagwa. Iwo anasiya landa, anabwera akumwetulira mano onse panja, anandigwira chanza ndi manja awiri, kenaka anapisa dzanja kunsi kwa chishalo n'kunena kuti pali nati ina yosamanga bwino, ingandigwetse pa mtsetse wa ku Mission. Anatenga sipanala n'kuimanga. Madzulo amenewo ndinakwera njinga yanga yatsopano mtima uli phuliphuli, ngati amene waluza ndine. Nsanje imene ndinawakonzera inabwerera mwini njinga.

Nditakwezedwa kukhala kapitawo, ndinati tsopano aona. Njinga yalephera, chilango sichilephera. Ndinawauza abwana kuti mkuluyu akutichedwetsa, ndipo ndinawachotsa pa madesiki n'kuwatumiza kukakonza zitseko za zimbudzi m'masukulu, dzinja lonse, mvula ili pamsana, mtsinje wa Domasi utadzaza mpaka kumiza miyala yowolokera. Ntchito imeneyo inali yochititsa manyazi kwa mmisiri. Patapita miyezi iwiri ndinapalasa kukaona ngati afewa. Ndisanafike n'komwe ndinamva likhweru lija likuchokera kuseri kwa sukulu. Zitseko za zimbudzi, ana inu, zopala mbali zonse, mpaka kam'mphepete ka pamwamba kamene kamaonedwa ndi abuluzi okha. Ahedi a pasukulupo anandithokoza ine chifukwa chowatumizira munthu wotere, ndipo ndinavomera kuthokozako mano ali gwa.

Pamenepo mutu wanga unayamba kuganiza zopusa. Ndinati munthu sangagwire ntchito chonchi kwaulere, pali wina akumupatsa kanthu mseri. Ndinafufuza kwa kalaliki, palibe. Loweruka lina ndinawatsata chapatali mpaka kwawo, ndikuganiza kuti mwina amagulitsa mipando mwakabisira, koma ndinangowaona akukonza chitseko cha khola la mbuzi la mayi wina wamasiye. Ndinafika mpaka poganiza kuti ndi mankhwala, kuti mwina anatemera m'manja. Inde, agogo anu omwe ano, mkulu wa mpingo! Nsanje ikakulowa sufunsa kuti ndiwe ndani pa tchalitchi.

Mapeto ake ndinawafunsa maso ndi maso, anzathu atapita kukamwa madzi.

“A Mulepa, tandiuzani zoona. Amakupatsani chiyani, ndipo amakupatsani ndani? Kunsiko sakuonako munthu.”

Anaimitsa landa n'kundiyang'ana modabwa.

“Nanga thabwali lili ndi mbali imodzi, a Kapitawo?”

Ndinati musandiyankhe za ana, ine ndikufunsa za phindu. Anakanda m'mutu, ngati ndawafunsa chifukwa chimene munthu amayetsemulira. Kenaka anagunda pachifuwa ndi chala.

“Inu mukalisiya theka, silikuvutani apa?”

Ndinati ayi, silindivuta. Ndipo anandiyang'ana ndi chisoni. Osati mwano, mwano ndikanaupirira. Chisoni chenicheni, chimene umamumvera munthu akakuuza kuti lilime lake silimva mchere. Ine kapitawo, mwini njinga, wa malipiro oposa awo, kumveredwa chisoni ndi munthu wokonza zimbudzi! 

Koma chimene chinandibaya kwenikweni chinachokera m'nyumba mwanga momwe. Joyisi, mayi ako iwe Tadala, ali Sitandade 3, anayamba kuthawa phala m'mamawa. Kunja kukangoyera, uyo wanyamula kope, liwiro. Tinkaganiza kuti mwana wakonda sukulu, ndipo ine ndinkadzitama nazo kwa anzanga. Tsiku lina anachedwa chifukwa chotumidwa kumjigo, ndipo masana anabwera yunifomu itang'ambika pa bondo, mwendo utakalika. Agogo anu aakazi, a Esinati, anatenga singano n'kumufunsa chimene chachitika. Mwanayo anafotokoza kuti m'kalasi mwawo muli madesiki a mitundu iwiri, ena amaluma, ena saluma. Ana amalimbirana osalumawo, amawapeza popisa dzanja kunsi, ndiye wochedwa amakhala pa oluma. Kenaka anawonjezera, mosadziwa kanthu mwana wosalakwa, kuti oluma kwambiri savuta kuwazindikira chifukwa ali ndi chilembo G pa mwendo.

Ine ndinali pakhonde pomwe pano ndikupukuta njinga. A Esinati anangodula ulusi ndi mano, n'kundiyang'ana pamwamba pa yunifomuyo, n'kupitiriza kusoka. Mwana wanga wobereka ndekha ankathawa phala langa kuti akalimbirane desiki la a Mulepa.

Mukuganiza kuti ndinasintha? Mphatso akugwedeza mutu kuti inde, wazolowera nthano za ku Sande sukulu. Ndinayesa sabata imodzi. Ndinkatembenuza thabwa n'kupala kunsi, koma maso anga anali pakhomo, kudikira kuti abwana alowe andipeze ndikuchita zimenezo, kapena a Mulepa atembenuke anene kanthu. Palibe analowa, palibe anatembenuka. Mkono unkangowawa, madesiki anga anachepa, ndipo pofika Lachisanu ndinati zopusa izi, n'kubwerera ku zanga. Ndinkachita zomwe iwo ankachita, koma kukoma kwake sindinakumve, ndipo nsanje inakula kuposa kale. Zinali ngati kuonerera mnzako akudya nzimbe, iwe n'kutola yomweyo, n'kupeza ndi bango.

Za mipandoyi ndiye musandifunse. Joyisi atadwala chikuku, agogo anu aakazi anakhala masiku ambiri pansi akumudwazika mpaka msana unawapweteka, ndiye a Mulepa anabwera ndi kampando ako wakhalirako Tadala, kopanda vanishi, kopanda maluwa. Ine kupsa mtima, ndinakhoma wanga Loweruka lomwelo, wa mlombwa, vanishi katatu, G wanga pa mwendo. A Esinati anathokoza mwaulemu, atagwada, n'kuikapo ndowa ya madzi. Zaka zonsezi iwo amakhalira ka a Mulepa, wanga ndi wa ndowa ndi alendo osadziwa. Akabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi musawauze kuti ndanena, angayambe kuseka mpaka kutsokomola.

Wekishopu itatsekedwa aliyense anapita kwawo kukalima. Tinkaonana ku maliro ndi ku tchalitchi, moni moni basi. Ine ndinkadzitonthoza kuti paja pomaliza ndinapambana ndine: ndinali kapitawo, ndinafolera nyumba ndi malata, iwo anakalamba ndi njinga ya miyendo. Ndiye zaka ziwiri zapitazo ndinapita ku Naisi kukagula misomali. Pamsewu paja pali anyamata okhoma mabedi. Ndikudutsa, ndinamva mmodzi akukuwira mnzake kuti, “Aise, tamulepa bwinobwino thabwalo, kasitomala asakabaike.” Ndinaima ngati ndapondedwa ndi ng'ombe. Ndinamufunsa kuti mawu amenewo anawatenga kuti. Anati kaya, amangomva akuluakulu akunena, mwina ndi Chizungu cha makalipentala, tanthauzo lake ndi kugwira ntchito yeniyeni, osati yachinyengo. Chizungu! Mawu anga omwe, amene ndinapeka kuti ndimuchepetse munthu, asanduka ulemu wake, ndipo akuyenda pamsewu wa ku Liwonde m'kamwa mwa ana amene sanamuonepo. Ine ndinalandira njinga, iwo analandira mawu. Njinga inadyedwa ndi dzimbiri. Misomali ija ndinaiwala kugula.

Chaka chatha, mu June, kukuzizira, mwana wamkulu wa a Mulepa anafika pano m'mamawa ndi ngolo. Anagwada apo pali Chisomopo n'kundiuza kuti bambo atisiya. M'ngolomo munali matabwa a mbawa, akale, ouma gwa, osapala ngakhale mbali imodzi. Anati bambo anawasunga kudenga zaka zambiri, ndipo anakana zoti adzawagulire bokosi la pamsewu, aja onyezimira kunja, m'kati atabisa zoipa ndi nsalu. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanapale okha, munthu wokonda kupala ngati ameneyo. Mwanayo anayang'ana pansi.

“Anati mukhome ndinu, agogo. Anati a Kapitawo ali ndi dzanja labwino kuposa langa, kungoti amathamangira belu.”

Ndinakwiya, ndisabise. Ndinati munthu uyu, ngakhale atagona, akundipatsabe mayeso. Komanso mawu aja oti dzanja labwino kuposa langa anandikhala pakhosi, chifukwa a Mulepa sankadziwa kunama, ngakhale kunama kwa ulemu.

Ndinatulutsa landa, ndinainola, ndinayala matabwa pansi pa mango apo. Maganizo anga anali oti ndipale chivundikiro ndi m'mbali, mwambo usachedwe. Ndinatero. Kenaka ndinafika pa thabwa la pansi, limene limagona pa dothi. Ndinaliyang'ana. Kunalibe bwana, kunalibe njinga, anthu onse anali kusiwa, ndipo mwini bokosi sakanadzuka kudzayendera. Mbali imeneyo ikanaonedwa ndi chiswe chokha. Sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinangoona manja alitembenuza. Landa inayamba kuyenda, poyamba mokakamira, kenaka mofewa, mbawa ikutulutsa fungo lake lija, mizere ya mtengo ikuonekera umodzi umodzi ngati ikudzuka. Ndikasisita ndi chikhatho n'kupeza pokakala, pankandivuta apa, pachifuwa, mpaka nditapachotsa. Msana unaiwala kuti ndi wokalamba. Dzuwa linasuntha ine osadziwa.

A Esinati anabwera ndi tiyi n'kuima kumbuyo kwanga.

“Bambo a Joyisi, mukuimba likhweru pa tsiku la maliro?”

Sindinadziwe kuti ndikuimba. Kanali kanyimbo komwe kaja, kopanda mutu kapena mchira. Ndinakhala pansi pa utuchi n'kulira ngati mwana, tiyi anazizira pomwepo.

Mawa lake kumanda, adzukulu, osati inu, aja okumba manda, atanyamula bokosi kuti alitsitse, mmodzi anapisa dzanja kunsi, n'kuyang'ana mnzake, n'kunena chapansipansi kuti ili ndiye alimulepa. Sanafunse kuti wakhoma ndani, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinafune kuti afunse. G sindinaikepo.

Tsono musaganize kuti nsanje inatha. Inakula! Kale ndinkachita nsanje ndi chinthu chimene sindinkachidziwa. Pano ndachilawa. Chimene ndinamva tsiku limodzi pansi pa mango apo, ndili nkhalamba ya mano anayi, mkulu ameneyo ankachidya tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, pa madesiki, pa zimbudzi, pa khola la mbuzi, ine ndili pambali pake ndikuwerenga miyendo ya madesiki ndi kudikira Lachisanu. Tinkalowa khomo limodzi, tinkapuma utuchi umodzi, koma iye ankapita kwawo atakhuta, ine ndinkapita kwathu ndi njinga. Zaka zimenezo palibe angandibwezere. Mukuti ndisachite nsanje?

Tadala, za alawansi yakoyo kamenyere ndithu, ndi thukuta lako, ndipo bwana womana ndi womana basi. Ine sindikuti uzigwira ntchito yaulere. Ndikungokufunsa ngati ku ofesi kwanuko kuli kanthu kena kamene ukakasiya theka kamakuvuta pachifuwa. Ngati kalipo, usakagulitse, ngakhale kwa bwana wabwino. Usandiyankhe pano, ndikuona wayamba kale kukonza pakamwa ngati mayi ako.

Chichokereni kumanda kuja ndakhala ndikutembenuza zinthu m'nyumba muno chimodzichimodzi. Tebulo ndinapala, chitseko cha kukhitchini ndinapala, bedi ndinapala, mpaka agogo anu akuti tsiku lina adzapeza nditapala nkhuku. Wotsala ndi mpando wa vanishiwo, umene ndinakhomera mkwiyo. Ndakhala ndikuuzemba, koma lero waluma mdzukulu wanga. Dzuka, Chisomo, ubwere nawo kuno, uutembenuze. Mphatso, katenge landa m'bokosi, uigwire ndi manja awiri.

Ndipo nonse maso ku chimangako. Mukandiyang'ana, ndiyambanso kudikira njinga.